Nthutumba ya a Kwenda

Chaka chimene Mfumu Khwasulani Wachiwiri inabwerako kutsidya kwa nyanja itaphunzira kununkhiza vinyo, anthu atangomaliza kukolola, Mlawi wa boma dzina lake Kanyambita anadya nthutumba ya a Lazaro Kwenda. Anaidya masanasana, pamkeka, mwini wake atasamba kale m'manja. Palibe amene amakana kuti zinachitika, ngakhale Kanyambita mwini wakeyo. Anthu ena m'dziko la Mwadyanji amati imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Amene amatero ndi amene anadyapo nthutumba.

A Kwenda ankakhoma zidebe pamsika wa Fungolokha. Sanali munthu wosusuka ayi, koma chakudya ankachidziwa ndipo ankachilemekeza. Akamadutsa kuseri kwa nyumba za anthu, ankadziwa ndi mphuno kuti uku nyemba zapserera, uku nkhwani wachuluka soda, uku nsinjiro ndi zadzana. Kunyumba kwawo nkhuku ankaphika okha, ngakhale amuna anzawo ankawaseka. Ankati nkhuku ya chikuda safuna kuisokoneza. Uiwambe pang'ono pamoto itangososoledwa, uiike mumphika ndi mchere wokha, ipse pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe, anyezi ndi tomato zibwere kumapeto ngati alendo aulemu. Wothiramo zokometsera za m'mapaketi ankati ndi munthu woti akhoza kupha mnzake.

Koma pa nkhuku zonse zimene anaphika, nthutumba sanailawepo chibadwire. Ali mwana ankalandira mutu ndi zipalapasiro, nthutumba inali ya bambo awo. Atakwatira Nangozo anakakhala pachikamwini, ndipo kumeneko kunali malume a mkazi wawo, a Chidzanja, munthu wamakutu akuthwa. Nkhuku ikangoti kwiyo, a Chidzanja ali pakhomo, odi. Atamwalira a Chidzanja anasiyira makutuwo mlamu wa a Kwenda. Pa mlandu wa munda, achibale a Nangozo ankati a Kwenda ndi mlendo pamudzi pano. Pa nkhuku ankati ndi eni khomo, ndipo mwini khomo sadya nthutumba mlendo ali pomwepo. Iwo akapita kocheza kwa ena, anthu ankawalandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Inu si mlendo ayi," n'kuwaphikira nyemba.

Mnzawo wa pamsika, a Gomani ogulitsa fodya, ankatopa nazo.

"A Kwenda, nthutumba si izo akubaya pakamtengo pachiwaya apo? Gulani iwiri, mudye, tipume."

"Yogula ndi nyama wamba," ankayankha choncho a Kwenda. "Nthutumba amachita kukupatsa. Imabwera m'mbale yovundikira, ili pamwamba pa nyama zonse, wobweretsayo atagwada. Ukatero umadziwa kuti pakhomo pamenepo akuwerenga kuti ndiwe munthu."

"Ndiye mudikira mpaka liti? Mano akuthaitha awa."

Pamenepo a Gomani sankanama. Mano otafunira anali atatsala awiri okha okumana, kumanzere, lina kumwamba lina kumunsi, ndipo lakumunsilo linali litayamba kugwedera. A Kwenda anasiya nzimbe, anasiya chimanga chokazinga, anasiya ngakhale mtedza. Ankati akuwasungira ntchito yake.

Mwayi unaoneka pamene mwana wawo Etilida anatengedwa chitengwa ndi mwamuna wake Yosefe. Uthenga unabwera woti akakolola, apongozi apite akaone kumene mwana wawo akukhala. Kumeneko kunalibe malume, kunalibe mlamu. A Kwenda anachapitsa jekete.

Masiku omwewo, ku likulu la dzikolo ku Kunona, Mfumu inasonkhanitsa nduna zake kuti iwauze zimene inaona kutsidya.

"Anthu a kumeneko sadya ngati ife," inatero Mfumu. "Ife timangogwera mbale ngati nkhumba. Iwo akabweretsa botolo la vinyo, amathira pang'ono m'tambula, munthu mmodzi alawe kaye. Amazunguza, amanunkhiza, amachukucha m'kamwa, kenako amalavula. Akatero ndi pamene ena amamwa."

Nduna ya Miyambo inadzuka mokwiya. "Mfumu, amenewo atibera! Umenewo ndi mwambo wa makolo athu. Mayi wofulula mowa sapereka chipanda kwa mlendo asanamweko yekha. Ndiko kuchotsa ufiti kumeneko."

Nduna zonse zinaomba m'manja, zina chifukwa cha mwambowo, zina chifukwa zinaona zinzawo zikuomba.

Nkhope ya Mfumu inagwa. "Ndiye kuti anthu anga akudya ndiwo tsiku ndi tsiku popanda wowachotsera ufiti? Angati amene afa chifukwa cha zimenezi?"

Nduna ya Zaumoyo inagwada. "Tafufuza, Mfumu. Anthu onse amene anamwalira chaka chatha, aliyense anali atadyapo kanthu."

Mfumu inalira misozi pamaso pa nduna zake, ndipo tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Mphika uliwonse wa ndiwo m'dziko la Mwadyanji usadyedwe Mlawi wa boma asanachotsemo ufiti. Unduna wa Zolawa unakhazikitsidwa. Ana a alongo a nduna analembedwa ntchito, aliyense anapatsidwa njinga yabelu, epuloni yoyera ndi sipuni yaitali. Nduna ina yachinyamata inafunsa ngati Alawi azilavula akalawa, monga amachitira kutsidya. Mfumu inati zolavula ndi za vinyo yekha, kulavula ndiwo n'kunyoza alimi.

Pamsika wa Fungolokha anthu analandira lamulolo modekha, monga analandirira malamulo ena onse.

"Kwathu ufiti unatha," anatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa. "Chiyambire lamuloli tikudya bonongwe, Mlawi sanapondeko."

"Ufiti wa masiku ano ndi wosankha," anayankha a Gomani. "M'therere sulowa. Umakonda mbuzi."

Wina anati, "Kwa aneba anga anachotsa ufiti mwendo wonse. Banja lonse linapulumuka, linagona ndi msuzi."

Anthu anayamba kupha nkhuku atazigwira kukamwa. Ena akamakazinga nyama ankayatsa tayala kuseri kuti fungo lisokonezeke, mpaka boma linaletsa kuyatsa matayala nthawi ya nkhomaliro. Ana ankawapukuta milomo ndi gaga asanatuluke panja. Wailesi ya Mfumu inalengeza kuti chikhazikitsireni lamuloli palibe Mlawi ngakhale mmodzi amene wafa, umene ndi umboni woti ufiti ukugonja.

A Kwenda ananyamuka ulendo wa kwa Yosefe zinthu zili choncho. Anawalandira bwino. Anawayalira mkeka watsopano pansi pa mtengo wa mango, n'kuwapatsa thobwa. Akumwa, anamva ana akuthamangitsa tambala kuseri kwa nkhokwe, ndipo anatsitsa chikho kuti amvetsere bwino. Tambalayo analira mokweza, pakuti Yosefe, pofuna kuti apongozi amve ulemu umene akuwachitira, sanamugwire kukamwa. Fungo litayamba kufika, a Kwenda anatseka maso. Mwana anaphika monga anamuphunzitsira. Anyezi analowa nthawi yake.

Etilida anabwera ndi mbale zovundikira, anagwada, n'kuwasambitsa m'manja. Yosefe anakhala chapatali pachitsa, chipewa chili pabondo. A Kwenda anavundukula mbale ya ndiwo. Nthutumba inali pamwamba penipeni, yong'ambidwa pakati, yofiirira, ikunyezimira mafuta.

Apa ndi pamene anthu ena amati a Kwenda analakwitsa. Wina akanangoitola n'kuponya m'kamwa. Koma iwo ankakhulupirira kuti munthu wodziwa kudya sayamba ndi chokoma, amayamba wakonza kukamwa. Anatema mbamu, anaviika mumsuzi, anameza, n'kugwedeza mutu. Anatemanso ina. Akutambasula dzanja kachitatu, belu la njinga linalira.

"Odi, odi! Imani pomwepo, madala! Mwatsala pang'ono kufa!"

Anali mnyamata wonenepa khosi, epuloni yake ili ndi madontho a misuzi ya midzi ingapo. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anati dzina lake ndi Kanyambita, Mlawi wa dera lino, ndipo tambala anamumva ali kudambo.

"Mwana wanga," anatero a Kwenda, "ndiwo izi waphika ndi mwana wanga wobereka ndekha. Msuzi ndalawa kale, ndili moyo."

"Amene amalodza anthu ndi achibale, madala. Mlendo angakulodzereni chiyani? Ndipo msuzi si kanthu, ufiti sukhala mumsuzi."

"Ndiye lawani ntchafu iyi. Tengani zonse ziwiri. Tengani ndi chiwindi chomwe."

Kanyambita anawayang'ana mwachisoni. "Mukufuna kundipatsa ziphuphu? Ife anatiphunzitsa ku likulu. Nkhuku imatola zambiri, miyala, mikanda, tsitsi la anthu, ndipo zonsezo zimakasonkhana malo amodzi. Ngati muli choipa m'mbale umu, chili umu."

Sipuni yaitali ija inatsika n'kukwera. Kanyambita anainyamula nthutumba kuyang'anitsa kudzuwa, anaizunguza pasipunipo, anainunkhiza mphuno iyi ndi iyi, n'kuiika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali atatsinzina. Pabwalo ponse panali zii, kumangomveka mano ake, amene anali onse.

"Ndikumva utsi wa nkhuni za msuku," anatero. "Kenako kukubwera kafungo ka chiswe, tambalayu ankadya kuchulu. Kumapeto kwake kukutsalira kukoma kwina kovuta kufotokoza." Anameza. "Mulibe ufiti. Idyani mosaopa, boma likukufunirani moyo wautali."

Anatsukuluza kukamwa ndi thobwa la a Kwenda, n'kukwera njinga.

Etilida analira. Yosefe anati akanapha ina, koma tambalayo ndi yekhayo amene anapulumuka chitopa. A Kwenda anavundikira mbale ija bwinobwino, anasamba m'manja, anathokoza chifukwa cha chakudya, n'kubwerera kwawo dzuwa likadali pamutu.

Sabata yotsatira anakasuma ku Bwalo la Zokoma, limene Mfumu inakhazikitsa kuti anthu odandaula za Alawi azikhala ndi kopita. Woweruza anali a Kamezeni, mkulu wofatsa wa mimba yofika pamaondo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Tamva, bambo. Umboni uli kuti?"

"Unalowa m'mimba mwa uyo wakhala apoyo."

"Ndinadyadi, bwana," anatero Kanyambita. "Inali ntchito."

"Mwaona, wavomera," anatero a Kamezeni. "Koma bwalo silingaweruze chinthu chimene silinalawe. Tidziwa bwanji kukula kwa chimene munataya? Mubwere ndi nkhuku yophikidwa chimodzimodzi."

A Kwenda anasinthanitsa zidebe ziwiri ndi tambala, n'kuphika okha. Nangozo anawapeza kukhitchini akuiyang'ana nthutumbayo mumphika.

"Abambo, idyani imeneyo. Akuonani ndani? Kubwaloko mukanene kuti tambalayu anabadwa wopanda."

"Ndibe m'nyumba mwanga momwe?"

"Ndiye bweretsani ndikuikireni m'mbale, ndigwade, ndikupatseni. Maondo ndikadali nawo."

"Iwe ndiwe mkazi wanga, ine pano sindine mlendo. Abale ako anagamula kale zimenezo."

"Mufa ndi mwambo, inu," anatero Nangozo. "Dzinolo likuchita kuvina mukamayankhula."

Kubwalo a Kamezeni anavundukula mphika, anasankha umboni, anautafuna mofatsa, n'kunena kuti mlanduwu ndi waukuludi. Koma wachiwiri wawo tsiku limenelo anali kumaliro, ndipo chigamulo sichingatuluke woweruza mmodzi yekha atalawa. A Kwenda anabweranso ndi tambala wina. Wachiwiriyo atalawa anati wamva mosiyana pang'ono ndi mmene anafotokozera a Kamezeni, choncho pafunika wachitatu wodula mkangano. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinachita ngaiyaye. Zidebe za a Kwenda zinatha, anayamba kusinthanitsa mbaula.

Pamapeto pake chigamulo chinatuluka. Bwalo linapeza kuti nthutumba ndi yokomadi, ndipo wodandaula anataya chinthu chamtengo wapatali. Bwalo linapezanso kuti mimba ya Mlawi ndi katundu wa Mfumu, ngati njinga yake ndi sipuni yake, ndipo zimene zalowa m'katundu wa Mfumu bwalo laling'ono silingazitulutse. Linalangiza a Kwenda kuti akaonane ndi Mfumu. A Kamezeni anawatsata panja n'kuwafunsa mwakachetechete kuti anyezi amathira nthawi yanji.

Nkhaniyi inali itafala. M'misika, munthu akabwereka khasu osabweza, ankati walilawa. Mbuzi ikasowa m'khola ankati yachotsedwa ufiti. Dzina la Kanyambita linamveka mpaka ku Kunona, ndipo akuluakulu ataona kuti mnyamatayu ndi wodziwika, anamukweza kukhala Mlawi Wamkulu wa kunyumba ya Mfumu.

Mfumu nayo inamva kuti anthu akuseka, ndipo kuseka kwa anthu inkakuopa kuposa kulira kwawo. Inaitanitsa nduna.

"Munthu mmodzi akulira nthutumba m'dziko langa, ine ndili moyo? Muitaneni. Akadye nane ku lesitilanti yanga. Adzakhala mlendo wanga, ndipo nthutumba adzaidya dziko lonse likumva pawailesi."

Galimoto ya boma inakawatenga a Kwenda pamsika. A Gomani anawabwereka nsapato. "Mukakhuta mutibweretsereko fungo," anatero.

Lesitilanti ya Mfumu inkatchedwa Mphika wa Golide, ngakhale munalibe mphika umene munthu akanauona. Pakhomo Nduna ya Miyambo inawakokera pambali.

"Mkulu, muno muli malamulo atatu. Sitidya ndi manja. Chimene Mfumu yakupatsani simukana. Ndipo Mfumu ikaika foloko yake pansi, aliyense wakhuta. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Anawakhazika kudzanja lamanja la Mfumu. Patsogolo pawo panali mipeni ndi mafoloko ochuluka ngati akufuna kuchita opaleshoni. Mbale yoyamba inali yaikulu ngati lichero, pakati pake pali kanthu kobiriwira kofanana ndi batani la malaya, pambali atadontheza msuzi madontho atatu. A Kwenda anadikira kuti mwina chakudya chikubwera, koma ataona nduna zikutafuna n'kumabuula ndi kukoma, anabaya kabataniko n'kumeza. Linali dzungu. Linali losapsa, ndipo mchere unali utangodutsa chapatali.

Kenako kunabwera vinyo. Woperekera anaonetsa botolo kwa Mfumu ngati akuonetsa khanda kwa agogo ake. Kanyambita, amene tsopano anavala epuloni ya silika, analawa n'kugwedeza mutu. Matambula anadzazidwa theka. Nduna zinazunguza, zinaviika mphuno, zinachukucha.

"Ndikumva chikopa cha ng'ombe yonyowa ndi mvula," inatero Nduna ya Zaumoyo.

"Ine ndikumva khomo la tchalitchi chakale," inatero Nduna ya Zachuma.

"Mulinso utsi wa sitima," inatero Mfumu, ndipo nduna zonse zinaumva utsiwo nthawi yomweyo.

Kenako onse analavulira m'kandowa kasiliva kamene kankazungulira patebulo. Kandowako katafika pa a Kwenda, iwo anali atameza kale. Mfumu inaseka, ndipo nduna zinaseka.

"Sizikudziwika kumudzi zimenezi, asiyeni. Tiuzeni, mkulu, mwamvamo chiyani?"

A Kwenda anaganiza kaye, pakuti pa nkhani ya kukoma sankanama. "Akuwawasa, Mfumu. Ngati madzi a bwemba ogonetsa."

"Akuti akumva zipatso zakutchire za dziko lathu," inafotokoza Nduna ya Miyambo kwa munthu wa wailesi.

Ndiye kunabwera buledi. Sanali buledi wa kugolosale amene amafewa ukamukanikiza. Anali wautali ngati mpini, wochokera kutsidya komweko pandege, ndipo ulendowo unali utamuumitsa. Mfumu inamunyema ndi manja ake pabondo, inasankha nsonga yake, n'kuika m'mbale ya mlendo wake.

"Uyu yekha timadya ndi manja. Kukoma kwake kuli pa khungu. Idyani."

A Kwenda anamuyang'ana buledi uja. Anamutengera kutambula kuti amuviike.

"Saviika!" inanong'ona Nduna ya Miyambo.

Anamuika kutsogolo kwa kamwa, kumene kunali nkhama zokhazokha, n'kumamuyamwa mwaulemu.

"Ayi, mkulu, tafunani," inatero Mfumu mokondwa. "Timve kukhukhuta kwake. Bweretsa chomvera mawu chako pafupi, iwe, dziko limve."

Munthu wa wailesi anabweretsa chida chake pafupi ndi tsaya la a Kwenda. Nduna zonse zinasiya kudya. A Kwenda anasuntha buledi uja ndi lilime kupita naye kumanzere, kumene ankasungako chuma chawo, n'kuluma. Phokoso linamveka, ndipo dziko lonse linalimva. Nduna zinaomba m'manja. A Kwenda anatenga kansalu kopukutira kukamwa, analavuliramo mwakachetechete, anapinda, n'kuika m'thumba la jekete.

Nthawi yomweyo ng'oma inalira. Mayi wovala chitenje cha nkhope ya Mfumu analowa atanyamula mbale yovundikira, anafika pamene panali a Kwenda, n'kugwada. Mfumu inaimirira.

"Anthu anga a Mwadyanji, lero chilungamo chafika patebulo. Mkulu uyu ndi mlendo wanga. Nthutumba iyi ndikumupatsa ndine, ndipo ndalamula kuti Mlawi asaikhudze. Ngati muli ufiti, ndi wake."

Inavundukula yokha. Nthutumba inali pamwamba pa nyama zonse, yong'ambidwa pakati, monga mwa mwambo. Zonse zinali mmene a Kwenda ankazionera m'maganizo kuyambira ali mwana wodya zipalapasiro. Anayendetsa lilime kumanzere. Panali dzenje lofunda, lamchere.

Sanataye mtima. Anaganiza kuti akaidula tizidutswa tating'ono ngati mpunga, dzino lakumwamba lija likhoza kukanikiza pankhama, kukoma n'kutuluka ndithu. Anatenga mpeni kudzanja ili, foloko kudzanja ilo, monga ankachitira anzawo. Nthutumba inathawira kumphepete kwa mbale. Anaibweza. Inathawira mbali ina. Zala zawo, zimene zinkapinda malata tsiku ndi tsiku, zinkafuna kungoigwira, koma Nduna ya Miyambo inali ikuwayang'ana. Mfumu inali itayamba kale kudya chidale chake, ikufotokozera nduna za sitima za pansi pa nthaka. A Kwenda anaitsekereza nthutumba pakhoma la mbale, anaibaya, n'kuyamba kucheka. Mpeniwo unali wokongola koma wosathwa. Thukuta linatsika m'khosi kulowa mujekete. Pamapeto pake kachidutswa kanadukako. Anakabaya ndi foloko, anakanyamula, kanafika pachibwano.

Mfumu inageya, n'kuika foloko pansi.

Dzanja lovala gulovu yoyera linagwira mkono wa a Kwenda mwaulemu, linachotsa foloko ija m'zala zawo, n'kuiika m'mbale. Mbale zonse zinanyamuka nthawi imodzi.

"Mwakhuta, mkulu?" inafunsa Mfumu.

"Akhuta kwambiri, Mfumu," inayankha Nduna ya Miyambo. "Akusowa ndi mawu omwe."

Potuluka anadutsa pakhomo la khitchini. Lamulo la kunyumba ya Mfumu linkati zotsala za patebulo azilawa Mlawi Wamkulu, kuopa kuti wina angathiremo ufiti pambuyo. Kanyambita anali chiimire pamenepo, mbale ya a Kwenda ili m'manja, tsaya lili tumbi.

"Madala! Mwandikumbukira?" anatero akutafuna. "Musadandaule, simunaphonye kanthu. Iyi ndi ya nkhuku yachizungu, ilibe kukoma. Ija ya kwa mwana wanu ija ndiye inali nthutumba. Mpaka lero ndimaikumbuka."

Galimoto ya boma inali itapita kukatenga alendo ena, choncho a Kwenda anabwerera pa matola. Pamsika anapeza anthu atazungulira wailesi ya a Gomani, imene inkabwereza kuti mlandu wa nthutumba watha, wodandaula wadya ndi Mfumu, ndipo kutafuna kwake kwamveka m'zigawo zonse.

"Tinakumvani, a Kwenda!" anafuula mayi wa zitumbuwa. "Kukhukhuta kumene kuja! Inali yokazinga?"

"Tatiuzani, achimwene," anatero a Gomani. "Zaka zonsezi. Ikukoma bwanji?"

A Kwenda anavula nsapato za eni, anazipereka. Kenako anatulutsa kansalu kaja m'thumba, anakatambasula pa thumba la fodya, n'kukhala pansi. A Gomani anayang'ana dzinolo, anayang'ana mnzawo, n'kuzimitsa wailesi.

Patapita masiku, wapolisi anabwera kudzatenga kansaluko, chifukwa kanali katundu wa lesitilanti. Dzino anawasiyira.

Chaka chotsatira nkhuku za Etilida zinaswananso, ndipo atakolola anaitananso bambo ake. Yosefe anapha tambala atamugwira kukamwa. Etilida anagwada ndi mbale yovundikira. A Kwenda anavundukula, anaiyang'ana nthutumba nthawi yaitali, anaisunthira pambali ndi chala, n'kutenga chiwindi, chimene chimasungunuka chokha palilime. Nthutumbayo inakhala m'mbalemo mpaka belu la njinga linalira.

Kanyambita tsopano ndi Nduna ya Zolawa. A Kwenda akadali pamsika wa Fungolokha, akukhoma zidebe, ndipo masana amadya maungu.